Kabatire m'Chifuwa cha a Kamwendo

Thokozani ndi Mayamiko, ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene ndinasiyira ntchito nthawi yopuma isanakwane, ndipo ine ndimangokuyankhani kuti mawondo anatopa. Mawondo anga alibe mlandu. Mpaka lero masitepe a kuno ku Springburn, mu Glasgow muno, ndimakwera ndi matumba awiri osapumira panjira. Ndinachoka chifukwa anthu anandikwana, ndipo poti mukadzamva kwa ena mudzamva zokhota, ndati ndilembe ndekha. Muwerenge m'Chichewa momwemu. Chikakuvutani, vutikani nacho, inenso ndinavutika nacho Chingerezi chanu chomeza mawu cha kunochi.

Ntchito yoyamba, ku Malawi

Nditamaliza sukulu ya unamwino ananditumiza ku chipatala cha boma chakumwera, kotentha koti yunifolomu inkanyowa usanafike n'komwe pa wodi. Wodi ya amuna inali ndi odwala ambiri kuposa mabedi, moti ena ankagona pansi pa mabedi a anzawo. Makina oyezera BP tinkabwerekana ndi wodi ya amayi, ndipo kansalu kake kokulunga pamkono kanali kosokasoka ndi ulusi wa mitundumitundu. Mankhwala otsitsa BP ankabwera mwezi uno, mwezi wamawa zii. Ndinaona amuna amphamvu, alimi a thonje, akufika atawanyamula pa njinga, mbali imodzi ya thupi itafa, malovu akuchucha. Sitiroko ine sindinaiphunzire m'buku ayi, ndinaisambitsa ndi manja angawa, n'kuisintha zofunda m'mawa uliwonse.

Matroni wathu anali mayi Chisale, munthu wamfupi wa mawu omveka mpaka ku geti. Tsiku lina ndinatulutsa bambo wina nditamufotokozera bwinobwino kamwedwe ka mankhwala ake, ndikudziona kuti ndagwira ntchito. Mayi Chisale anandiimitsa pakhomo. "Iwe mwana, wodwala wamuuza, chabwino. Nanga gadiyani wamuuza?" Ndinati ayi, mwini wake wamva. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kuchipewa. "Mwamuna akadwala amanama. Amanamiza dokotala, amanamiza iwe, amadzinamiza yekha. Uza amene amamuphikira." Ndinathamanga padzuwa mpaka pa siteji ya basi kukapeza mkazi wa bambo uja. Kwathu ndi mmene ntchito inkayendera. Wodwala aliyense amabwera ndi womudwazika, mkazi wake, mlongo wake kapena mayi ake, amene amagona pakhonde, kumusambitsa, kumudyetsa ndi kumusungira mankhwala. Nkhani yoipa timayamba kuuza gadiyani. Palibe ankati ndi chinsinsi, chifukwa munthu sadwala yekha.

Chaka chimene tinafika ku Glasgow

Inu simukumbukira, munali aang'ono. Anatipatsa nyumba m'mwamba mwa chimodzi mwa zinyumba zazitali zosanja za ku Sighthill, zija anazigwetsa zija, momwe mphepo inkalira m'mawindo ndipo chikepe chinkafa sabata iliyonse. Podikira kuti mapepala anga avomerezedwe ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Ine amene ndinkayendetsa wodi yonse ndekha ndinkalamulidwa ndi atsikana osadziwa kupeza mtsempha, koma ndinameza malovu, chifukwa walira mvula walira matope. Mapepala atatuluka ndinalowa pa wodi ya odwala mtima m'chipatala china chachikulu, ndipo kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi Moira, sisita woyang'anira, amene anakhala bwana wanga mpaka tsiku lomaliza.

Sabata yanga yoyamba, mayi wina anaimba foni kufunsa za mwamuna wake. Ine ndinamufotokozera zonse monga ndinaphunzirira, kuti wagona bwanji, wadya chiyani, adokotala anena zotani. Nditaika foni ndinapeza Moira ataima kumbuyo kwanga nkhope ili psuu. "Grace, wodwalayo anakuloleza kuti uuze aliyense?" Ndinati ndi mkazi wake. "Kaya akhale mayi ake omubala. Kuno za wodwala ndi za wodwala. Ukadzabwerezanso udzataya ntchito." Ndinaona ngati kutulo. Koma lamulo ndinaliphunzira, ndipo ndinalisunga zaka zonse zimene munkakula. Ndisaname, ndinaona ubwino wake: ndinaona amayi amene amuna awo sankayenera kudziwa kalikonse, ndipo lamulo lomwelo linawateteza. Choncho musaganize kuti mayi wanu anali mbuli yosadziwa malamulo a eni dziko.

Patapita zaka anandisamutsira ku kiliniki ya mapesimeka. Pesimeka ndi kamakina kakang'ono ka batire kamene amakaika pansi pa khungu, kumtunda kwa chifuwa, ndipo timawaya take timatsika mpaka mumtima kuti mtima ukamachedwa kugunda kazikumbutsa ndi timagetsi tochepa. Ntchito imeneyo ndinaikonda. Munthu amabwera akukomokakomoka, kenako miyezi ingapo akubwera akudandaula za mpira. Tinali ochepa, manesi akachoka sankabwezerapo ena, tiyi tinkamwa chiimirire, koma zimenezo sizinkandiopsa ine wochokera kobwerekana makina a BP. Chinkandiwawa n'chakuti malo a usisita akatseguka, ankapatsa ana amene ndinawaphunzitsa ndekha.

Chaka cha kafukufuku, chilimwe

Kunabwera kafukufuku wa pesimeka ya mtundu wina. Kuwonjezera pa ntchito yake ya masiku onse, kamakinaka kankasintha pang'ono nthawi imene zipinda za mtima zimagundira, ndipo ankayembekezera kuti potero BP itsika mwa anthu amene mapiritsi okha akuwakanika. Ankafuna anthu oti akufunika kale pesimeka komanso BP yawo ndi yamakani. Ndipo poti ndi kafukufuku, ena mbali yotsitsa BP ankawayatsira, ena ayi, ndipo wodwala, nesi ngakhale dokotala womuyeza sankadziwa kuti ndani ali gulu liti. Onse ankayenera kupitiriza kumwa mankhwala awo.

Moira anandiitana mu ofesi, mmene munalinso dokotala woyendetsa kafukufukuyo, a Ross. Anandimwetulira ngati ndine mlendo wolemekezeka. Anati BP imazunza kwambiri anthu akuda, koma m'kafukufuku samabwera, ndiye ine, poti ndimadziwana nawo kutchalitchi, ndingathandize kuti azikhulupirira. Mwamva? Zaka zonsezo, pokweza anthu pantchito ankandidutsa ngati sindikuoneka. Tsiku lofuna anthu akuda ndiye anandiona. Mtima unandipsa, koma ndinavomera, chifukwa ndinkadziwa chimene BP imachita ikasiyidwa.

Bambo Kamwendo mukuwadziwa, amkulu a mpingo aja ovala tayi ngakhale pa phwando la panja. Kumudzi anali hedimasitala, kuno ankagwira ntchito yaulonda pa nyumba yosungiramo katundu. Anakomoka kuntchito, ndipo zinapezeka kuti mtima wawo ukuchedwa, pomwe BP inali ikukana mapiritsi a mitundu ingapo. Anabwera ndi akazi awo, mayi Kamwendo, amene tinkakhala benchi imodzi ku chigwirizano cha amayi. Ndinawakhazika onse awiri n'kuwafotokozera m'Chichewa chathu, mobwerezabwereza. "Bambo, kabatireka mwina akayatsa mbali ya BP, mwina sayatsa. Inu simudziwa, inenso sindidziwa. Mankhwala musasiye ngakhale tsiku limodzi." Anagwedeza mutu mwaulemu. "Zamveka, mayi. Ine ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri, za magetsi musandivutikire." Opaleshoni inayenda bwino, kukomoka kunatha, ndipo pa maulendo otsatira ankabwera okha, akazi awo ali kuntchito.

Lamulungu lina, pa nthawi ya zothokoza, a Kamwendo anaimirira kutsogolo n'kudziguguda pachifuwa chakumanzere. "Abale, azungu anaika kabatire, koma moto wake anaika ndi Mulungu! BP ija yathawa, sindikuionanso!" Amayi analuluta, ana a sukulu a ku yunivesite anaomba m'manja, ng'oma inalira. Ine sindinalulute nawo, chifukwa munthu amene BP yamuthawa amatayanso mapiritsi.

Chaka chomwecho, Novembala

A Kamwendo anabwera kudzayezedwa kukuzizira, mvula ija yosatha ikuwaza. Ndinawakulunga kansalu pamkono, makina anapopa, ndipo nambala zimene zinatuluka zinandichititsa kubwerezanso kumkono wina. Zinali zokwera kuposa tsiku limene tinawalandira koyamba. A Ross anafunsa m'Chingerezi ngati akumwa mankhwala, ndipo a Kamwendo anayankha m'Chingerezi chawo chosalala cha uhedimasitala kuti tsiku lililonse, osaphonya. Adokotala atatuluka kukaitana wodwala wina, a Kamwendo anatsitsa mawu n'kutembenukira ku Chichewa, maso ali pa nsapato zawo.

"Mayi, inu ndinu wathu, simungandigulitse. Mapiritsi aja ndinasiya kabatire katangolowa."

"Mwati bwanji, bambo?"

"Amandifooketsa. Ndinene mosabisa, anandigwetsa mumpapaya. Munthu ndili ndi banja ine. Tsopano batire ikugwira, zinthu kunyumba zabwerera m'chimake, ndiye ndizimwerenji ziphe zimenezi?"

Ndinawauza kuti vuto limenelo lili ndi njira, mankhwala amasinthidwa, angouza adokotala. Anati sangauze mwana wachizungu nkhani yotere. Ndinawakumbutsa kuti kabatireko mwina mbali ya BP sanayatse n'komwe. Anaseka. "Ine ndikukamva kakugunda, inu mukuti sanayatse?" Ndinati ndiwauza a Ross pompano, chifukwa ndi ntchito yanga. "Mukawauza ndikana," anatero. "Ndipo mayi a kunyumba musawatsine khutu. Za m'nyumba mwanga ndimayendetsa ndine."

A Ross atabwerera ndinawauzadi, a Kamwendo ali pomwepo, kusiya nkhani ya kuchipinda ija. A Kamwendo anamwetulira n'kunena kuti mwina anesi sanamvetse, iwo amamwa bwinobwino. Mwamuna wamkulu, mkulu wa mpingo, kundisandutsa wabodza pamaso pa bwana wanga! A Ross anawalangiza modekha, anawaonjezera mtundu wina wa mapiritsi, n'kuwapatsa tsiku lobweranso. Kuonjezera mapiritsi munthu amene sakumwa ndi kuthira madzi m'dengu. A Kamwendo atatuluka ndinapempha kuti tifufuze gulu limene ali, kuti ngati ndi losayatsidwa tiwauze, mwina achita mantha. A Ross anati zimenezo zimaloledwa pokhapokha zinthu zitafika poopsa. Ndinafunsa kuti poopsa ndi pati, akagwa pansi? Ndinapita kwa Moira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Grace, wanena, talemba. Ndi munthu wamkulu, mutu wake ukugwira, ali ndi ufulu wosankha molakwika. Ndipo ndikukudziwa iwe, usayerekeze kulankhula ndi mkazi wake."

Ufulu! Mawu amenewo amakoma pakamwa pa munthu amene sadzasintha thewera la mwamuna wake. A Kamwendo akanagwa, wotukula, wosambitsa, wosiya ntchito kuti aziwadyetsa ndi supuni akanakhala mayi Kamwendo, osati Moira kapena a Ross. Ndiye munthu amene adzasenze katundu yense ndi yekhayo amene saloledwa kudziwa kuti katundu akubwera. Komanso amene anawakopa kuti alowe m'kafukufuku ndi ine, ndi Chichewa changa ndi ulemu wanga wa kutchalitchi. Pokopa, ubale wathu unali wofunika kwa mabwana anga. Populumutsa, ubale womwewo unasanduka mlandu.

Ndinayesa njira zonse zololedwa. Ndinawaimbira foni a Kamwendo kuchokera ku kiliniki, sanayankhe. Lamulungu ndinawapatsa moni pakhomo la tchalitchi n'kuwanong'oneza kuti tikambirane, anangoti, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni," n'kudutsa. Powerenga Mawu tsiku limenelo ndinawaona akusisita kumbuyo kwa khosi, akutsinzinatsinzina, n'kubwereza mzere umodzi kawiri, iwo amene sankaphonya ngakhale chilembo. Mapemphero atatha tinali kukhitchini ya holo, ine ndi mayi Kamwendo, tikutsuka makapu a tiyi. Anali osangalala. "Asisi, tikuthokozeni. Abambo masiku ano sadandaula. Mankhwala akuti amamwera kuntchito, sandivutitsanso zowakumbutsa. Kungoti mutu umawawawa m'mawa, koma akuti ndi batire ikuzolowera."

Ndinatseka mpopi. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikutaya, musaganize kuti lilime linangoterereka. Ndinayang'ana kukhomo, kunalibe munthu.

"Mayi, mvereni. Abambo mankhwala sakumwa. BP yawo yakwera moti akhoza kugwa tsiku lina lililonse. Mukafika kunyumba mukayang'ane m'chikwama chawo cha kuntchito."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Akuuzani okha?"

"Andiuza okha, ndipo anandiletsa kukuuzani."

Anapukuta m'manja pa chitenje, natuluka. Chifukwa chimene abambowo anasiyira sindinawauze, ndipo mayiwo sanamvepo kuchokera pakamwa panga mpaka lero. Ndalemba pano chifukwa ndinu ana anga ndipo ndinu akuluakulu tsopano, zithere m'nyumba muno.

Chaka chotsatira, Januwale mpaka Malichi

Mabokosi a mankhwala mayi Kamwendo anawapeza m'chikwama momwemo, osatsegula. Zimene zinachitika m'nyumba mwawo sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Kamwendo anakadandaula ku chipatala kuti nesi waulula chinsinsi chawo, ndipo tsiku lokadandaula anapita ndi akazi awo, amene anatsimikiza kuti inde, ndinawauza ndine, kukhitchini ya tchalitchi. Mayi amene ndinawapulumutsira mwamuna! Ndinalira ndi ukali m'basi yonse yobwerera kunyumba, anthu akundiyang'ana. Kenako mpingo unatuma amayi awiri kudzandiona. Anakhala pa sofa iyi, anamwa tiyi wanga, n'kundiuza kuti ndavula mkulu wa mpingo, kuti umboni wake wa pamaso pa anthu ndausandutsa bodza, ndiye ndikapepese. Ndinawafunsa ngati akanakonda kudzaphika pa maliro ake. Mmodzi anati, "Asisi, musalankhule choncho, imfa ndi ya Mulungu." Ndinati mapiritsinso ndi a Mulungu, ndipo ndinawatsegulira chitseko. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma kuno wakutsina khutu amamutengera ku komiti.

Ku chipatala anandikhazika patsogolo pa anthu atatu, Moira ali m'mbali. Sindinakane kalikonse. Ndinawafotokozera za gadiyani, za mmene ntchito ndinaiphunzirira, za amuna amene ndinawasambitsa. Mayi amene ankatsogolera anamvetsera mwaulemu n'kunena kuti akulemekeza chikhalidwe changa. Chikhalidwe! Ngati ndikunena za gule. Anati andipatsa chenjezo lomaliza, andichotsa ku kiliniki ya mapesimeka, ndipo ndikaphunzirenso za kusunga chinsinsi. Chinatsala n'chakuti ndinene kuti ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita. Ndinati lamulo ndaphwanya, chilango ndilandira, koma chisoni ndilibe, ndipo pa msinkhu wanga sindiyamba kunama kuti ndisunge yunifolomu. Anayang'anizana. Titatuluka Moira ananditsatira mpaka pa masitepe, n'kundigwira mkono. "Grace, akanakhala mwamuna wanga, ndikanafuna kuti wina andiuze." Ndinamufunsa chimene sananenere zimenezo m'kati muja. Anati sakanatha. Pa onse, amene ndinamukwiyira kwambiri ndi iyeyo, chifukwa enawo mwina sankadziwa, koma iye ankadziwa.

Ananditumiza kokonza masiku a odwala pa foni. Ndinakhalako mpaka chisanu chitatha, kenako ndinapempha kupuma. Anandigulira maluwa ndi keke, ndipo keke ndinasiya pomwepo. Kafukufuku anapitirira popanda ine. Ngati kabatire ka a Kamwendo kanali koyatsidwa kapena ayi, sindinauzidwe, ndipo makinawo sindiwada. Mwina adzathandiza anthu ambiri, mwina inuyo. Koma kabatire sikangatsegule chikwama cha munthu n'kuona kuti mabokosi ali osatsegula.

Chaka chino

Kutchalitchi ndimapitabe, benchi ndinasintha. A Kamwendo akandiona amayang'ana kudenga, akazi awo amayang'ana pansi. Mwezi wathawu ndinakwera sitima kupita ku Pollokshields kukagula therere ndi nyemba m'sitolo ya amwenye ija. Ndikusankha therere, wina anaima pambali panga n'kuyamba kusankha nawo. Anali mayi Kamwendo. Sanandiyang'ane, sanandipatse moni, manja okha ndi amene ankagwira ntchito.

"Akumwa," anatero motsitsa mawu. "Ndimawaika m'manja ndekha, ndipo ndimaima pomwepo mpaka ameze. Adokotala anawasinthira ena."

Ndinafuna kuyankha, koma anapitiriza.

"Tsiku lija ndinapita nawo kokadandaula chifukwa anati ndikapanda kupita sadzamwanso. Ndinasankha, asisi. Kutchalitchi musandilankhule, abambo amandiyang'ana."

Analipira therere lawo natuluka. Ndinawatsatira ndi maso pawindo. Kutsidya kwa msewu a Kamwendo anali m'galimoto, tayi ili pakhosi, manja onse awiri pa chiwongolero. Anandiona, ndipo anatembenuzira nkhope kumbali monga amachitira. Ndinaima ndi therere m'manja, mtima ukundipsabe, chifukwa ntchito yanga palibe adzandibwezere ndipo pepani sindidzamumva. Koma asandipatse moni choncho mpaka akalambe. Chimene ndinkafuna ine n'chakuti akalambe.